Ndege ikachedwa pakati pa Frankfurt ndi New York: wolipidwa ndani, wongopepesedwa ndani

Anthu awiri akhoza kuchedwa maola asanu pa njira imodzimodzi, tsiku limodzimodzi, wina n'kulandira mayuro 600, mnzakeyo n'kungolandira imelo yopepesa. Sikuti wina ndi wolongolola kuposa mnzake ayi. Nkhani yonse inathera pa tsiku limene ankagula tikiti, chifukwa ufulu wa munthu wokwera ndege umadalira zinthu zitatu: bwalo limene ndegeyo yanyamukira, kampani imene ikuiyendetsadi, komanso ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi kapena ziwiri. Njira ya pakati pa Frankfurt ndi New York ndi yabwino kuphunzirirapo zimenezi, popeza mbali imodzi kuli malamulo a ku Ulaya, mbali inayo kuli a ku America, ndipo awiriwa safanana n'komwe.

Lamulo la European Union limene anthu amangolitchula kuti EU261 linayamba kugwira ntchito mu February 2005. Limagwira ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la m'dziko la EU, kaya kampaniyo ndi yakuti. Koma ndege yochokera kunja kulowa mu EU limaigwira pokhapokha ngati kampani yoiyendetsa ndi ya ku EU. Choncho pochoka ku Frankfurt, kaya mwakwera Lufthansa, Condor, United, Delta kapena Singapore Airlines, lamuloli lili kumbuyo kwanu. Pobwerera kuchokera ku JFK kapena ku Newark, mabwalo a ndege otumikira mzinda wa New York, Lufthansa ndi Condor zili m'lamulo, pamene United, Delta ndi Singapore Airlines zili kunja. Kupita ndi kubwerera amaziwerengera padera ngakhale munazilipira limodzi.

Pamene ambiri amapusitsikira ndi pa ndege zogawana nambala. Tikiti ikhoza kukhala ndi nambala yoyamba ndi LH, munaigula kwa Lufthansa, koma pansi pake palembedwa timawu ting'onoting'ono takuti "operated by United". Lamulo limayang'ana mwini ndege ndi antchito amene akuiulutsa, osati wogulitsa tikiti. Ndegeyo ikachedwa kuchoka ku Newark, ulendo wanu n'kukhala wothera pa Frankfurt, EU261 siikukhudzani. Mukagula kwa United koma yoyendetsa n'kukhala Lufthansa, ndinu wotetezedwa, ndipo dandaulo lanu lipite kwa Lufthansa. Mitengo ikakhala yofanana, ulendo wopita ku Ulaya ine ndimati sankhani kampani ya ku Ulaya. Timawu tija tiwerengeni musanalipire.

Tisanafike pa ndalama, tione kumene kuchedwa kumachokera, chifukwa gawo lina la vutoli munthu akhoza kulizemba.

Kuchedwa kwa ndege kumapatsirana ngati chimfine. Kawirikawiri ndege imene mukwere madzulo ku New York ndi yomweyo imene inachoka ku Frankfurt m'mawa kapena masana. Ikatera imakhala ndi maola awiri kapena atatu oti atsitse anthu ndi katundu, aiyeretse, aithire mafuta, akweze chakudya, kenaka ibwerere. Ikachoka ku Frankfurt mochedwa ndi maola awiri, kuchedwako mudzakupeza kukudikirani pa geti ku JFK. N'chifukwa chake ndege zoyamba m'mawa ndi zimene zimasunga nthawi kwambiri, ndipo za madzulo ndi zimene zimasenza zolakwika za tsiku lonse. Pa mawebusaiti olondola ndege monga Flightradar24 kapena FlightAware mukhoza kuona pamene ndege yanu ili maola angapo isanafike. Nthawi zambiri mudzadziwa kuti zinthu sizili bwino bolodi la pabwalo lisanasinthe.

Kwawo kwa kampani kumathandizanso. Lufthansa ikapeza vuto la injini ku Frankfurt, ili ndi amakaniko, zipangizo, oyendetsa ena, mwinanso ndege ina yongokhala. Vuto lomwelo likapezeka ku New York, chipangizocho mwina chiyenera kubwera pa ndege yotsatira. United ku Newark ili pakhomo, ku Frankfurt ili kuchilendo.

Kenaka pali nyengo. Ku New York miyezi ya June mpaka August kumagwa mvula yamabingu masana ndi madzulo, nthawi yomweyo imene ndege zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka. Mabwalo atatu, JFK, Newark ndi LaGuardia, amagawana mlengalenga wopanikizika, moti njira imodzi ikatsekeka ndege zimandandalikana pansi. M'nyengo yozizira vuto ndi chipale: ndege iliyonse iyenera kupoperedwa mankhwala ochotsa madzi oundana pamapiko, ndipo ikadikira nthawi yaitali itapoperedwa, iyenera kubwereranso kukapoperedwa kachiwiri. Mphepo ya m'mwamba imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, n'chifukwa chake kupita ku New York kumatenga maola pafupifupi 9 pamene kubwerera kumatenga osakwana 8. Ndege yopita ku Ulaya ikhoza kubweza mphindi zina m'njira, koma yopita ku America kawirikawiri siitha.

Zinthu ziwiri zimasandutsa kuchedwa kwa maola atatu kukhala kugona komweko. Choyamba ndi malire a nthawi ya antchito. Malamulo a ku Ulaya salola oyendetsa ndege kupitirira maola 13 pa ntchito akakhala opanda wowalandira m'ndegemo, ndipo malirewo amatsika ntchito ikayamba usiku. Pa ulendo wa maola 9, mukawonjezera nthawi yokonzekera, mpata wotsala ndi wochepa. Ukatha, ndege ikhoza kukhala itakonzedwa bwinobwino koma yopanda woiulutsa. Chachiwiri ndi chiletso cha usiku ku Frankfurt: kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera, kupatula zilolezo zapadera zochepa. Ndege ya madzulo ikatsetsereka kufika nthawi imeneyo, ulendo ndi wa mawa.

Tsopano ndalama. Mtunda wa pakati pa Frankfurt ndi New York ndi makilomita opitirira 6,000, choncho uli m'gulu lapamwamba la EU261, la maulendo opitirira makilomita 3,500. Mukafika mochedwa ndi maola 4 kapena kuposa, chipukuta misozi ndi mayuro 600 munthu mmodzi. Pakati pa maola 3 ndi 4 kampani imaloledwa kudula pakati n'kupereka 300. Osakwana maola 3 palibe kanthu. Maulendo aafupi amalipira 250 akakhala osapitirira makilomita 1,500, ndi 400 pakati pa 1,500 ndi 3,500. Ndalamazi sizidalira mtengo wa tikiti. Wa tikiti yotsika mtengo ndi wa bizinesi amalandira zofanana, wa tikiti ya mamailo (mapointi amene kampani imapatsa okwera kawirikawiri) amalandira, mwana amene analipiridwa tikiti amalandiranso. Khanda lokwera ulere ndi limene sililandira. Ngati ulendo unali wa kuntchito, ndalamazo ndi za amene anakwera ndegeyo, osati za kampani imene inagula tikiti.

Chodabwitsa n'chakuti m'lamulo lenilenilo simunalembedwe kuti kuchedwa kumalipiridwa. Pa chipukuta misozi linangotchula za ndege yolephereka ndi za munthu wokanizidwa kukwera. Khoti la EU ku Luxembourg ndi limene linagamula mu 2009, pa mlandu wa Sturgeon, kuti wochedwa maola 3 wavutika mofanana ndi amene ndege yake yalephereka. Zambiri zothandiza pa nkhaniyi zili m'zigamulo za khoti limeneli.

Chimodzi mwa izo ndi cha nthawi yofikira. Sawerengera nthawi yonyamukira, komanso sawerengera pamene matayala akhudza pansi. Mu 2014 khotilo linati ndege yafika pamene chitseko chimodzi chatsegulidwa ndipo anthu aloledwa kutuluka. Ku JFK, kumene ndege ikhoza kutera n'kuyenda pansi kapena kudikira geti kwa theka la ola, kusiyana kumeneku ndi kumene kumakweza munthu kuchoka pa maola 2 ndi mphindi 45 kufika pa maola 3 ndi mphindi 10. Chitseko chikatseguka, jambulani nthawi pa foni.

China ndi cha maulendo olumikiza. Tiyerekeze kuti mwachoka ku Vienna kupita ku New York kudzera ku Frankfurt pa tikiti imodzi. Ndege yoyamba yachedwa mphindi 40 zokha, koma zakwanira kuti yachiwiri ikusiyeni, ndipo mwafika ku New York mochedwa ndi maola 6. Chimene chimawerengedwa ndi maola 6 a kumapeto kwa ulendo, malinga ndi chigamulo cha Folkerts cha 2013, ndipo mtunda amauyeza molunjika kuchokera ku Vienna kufika ku New York. Mu 2022 khotilo linapitirira apo pa ulendo wochoka ku Brussels kudzera ku Newark kupita ku San José ku California. Kuchedwa kunachitikira pa ndege yachiwiri, m'kati mwa America, yoyendetsa inali United, komabe anati ilipire chifukwa ulendo wonse unali pa tikiti imodzi yoyambira ku Ulaya.

Zonsezi zimagwa mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri imangokuonani ngati munthu amene sanabwere. Siikakamizidwa kukupatsani mpando wina, ndipo kawirikawiri imafufuta zigawo zonse zotsala za tikitiyo, kuphatikizapo ulendo wobwerera. Katundunso muyenera kumutenga nokha n'kukamuperekanso. Ngati palibe kuchitira mwina, siyani mpata wa maola 5 kapena 6, kapena mugone pamzinda wolumikizirawo.

Ngakhale pa tikiti imodzi, mpata umene kompyuta ya kampani imalola si umene munthu wanzeru angasankhe. Ku Frankfurt amagulitsa maulendo okhala ndi ola limodzi lokha pakati, chonsecho muyenera kudutsa pa apolisi oona mapasipoti ndi kuyenda mtunda wautali. Maola awiri ndi abwino. Polowa ku America n'kovuta kuposa apo: pa bwalo loyamba limene mwatera mumadutsa kwa oona zolowa m'dziko, mumatenga masutikesi anu, mumadutsa ku kasitomu, mumawaperekanso, kenaka mumasechedwanso. Ku JFK mwina mufunikanso kukwera AirTrain, kasitima ka pabwalopo, kupita ku terminal ina. Maola osakwana atatu pamenepo ndi juga.

Kampani ili ndi chodzitetezera chimodzi, chimene lamulo limachitcha zochitika zapadera zosapeweka. Mawu amenewa mudzawaona m'makalata ambiri okana kulipira, ndipo si onse amene ali oona. Nyengo yoipa, kutsekedwa kwa mlengalenga, sitiraka ya owongolera ndege pansanja, nkhondo, ndi mbalame yolowa mu injini, zonsezi khoti linazivomereza kapena lamulo limazitchula. Koma kuwonongeka kwa ndege kwa masiku onse si chifukwa chokanira: chigamulo cha Wallentin-Hermann cha 2008 ndi cha van der Lans cha 2015 zinati kukonza ndege ndi ntchito ya kampani. Sitiraka ya antchito a kampani yomweyo si chifukwanso, malinga ndi chigamulo cha 2021 chokhudza oyendetsa ndege a kampani ya SAS ya ku Scandinavia. Ngakhale kudwala kapena kumwalira mwadzidzidzi kwa woyendetsa ndege, khoti linati mu 2023 kuti kampani iyenera kukhala itakonzekera zoterozo. Udindo wopereka umboni ndi wa kampani, osati wanu, ndipo iyeneranso kusonyeza kuti inachita zonse zotheka kuti muchedwe pang'ono. Zifukwa zikasakanikirana, amachotsera nthawi ya chifukwa chosapewekacho n'kuona yotsalayo. Ndege ikachedwa maola 5, limodzi chifukwa cha chifunga, anayi chifukwa cha pampu yowonongeka, mlandu udakalipo.

Chisamaliro ndi nkhani ina, ndipo sichidalira kuti wolakwa ndani. Pa ulendo wautali ngati uwu, mukadikira maola 4 kampani iyenera kukupatsani chakudya ndi zakumwa zoyenerana ndi nthawiyo, komanso mwayi woimba foni kapena kutumiza imelo kawiri. Pa maulendo aafupi zimayamba pa maola 2 kapena 3. Ulendo ukasunthira tsiku lotsatira, iyenera kulipira hotela ndi galimoto yopita ndi kubwera. Phiri la Eyjafjallajökull litaphulika ku Iceland mu 2010, phulusa n'kutseka mlengalenga wa ku Ulaya masiku angapo, makampani anati sangasamale anthu pa vuto losakhala lawo. Khoti linawakanira mu 2013. Ngati pa kauntala palibe wokuthandizani, dzilipirireni nokha chakudya wamba ndi hotela yapakatikati, musunge malisiti olembedwa chinthu chilichonse pachokha. Kapepala ka makina a khadi kongosonyeza ndalama zonse sikakwanira, ndipo mowa sabweza.

Kuchedwa kukafika maola 5 mukhoza kuusiya ulendowo n'kubwezeredwa ndalama za tikiti pasanathe masiku 7. Ngati munali pakati pa ulendo ndipo kupitiriza kulibenso phindu, ayenera kukubwezerani kumene munayambira. Apa ganizani kawiri. Mukangolandira ndalama za tikiti, kampani yasamba m'manja, ndipo tikiti yatsopano yogula tsiku lomwelo imakhala yokwera mtengo kwambiri. Ngati ndege yalephereka ndipo mukufunabe kupita, pemphani kuti akupezereni njira ina yofulumira, ngakhale pa kampani ina, ndipo muwauze nambala ya ndege imene mwaona kuti ili ndi malo.

Nanga amene ali kunja kwa EU261, monga wokwera Delta kuchoka ku JFK? Malamulo a ku America alibe chipukuta misozi cha kuchedwa. Chimene alipo n'chakuti, kuyambira 2024, ndege yopita kunja ikachedwa maola 6 kapena kuposa ndipo inu mwasankha kusapita, ayenera kukubwezerani ndalama zanu osadikira kuti mupemphe: pasanathe masiku 7 ogwira ntchito ngati munalipira pa credit card, masiku 20 ngati munalipira mwanjira ina. Mukakwera ndegeyo, ufulu umenewo watha. Palinso lamulo lakuti ndege yopita kunja isasunge anthu m'kati ili pansi kupitirira maola 4 osawapatsa mwayi wotsika, ndipo pakatha maola 2 apereke madzi ndi kachakudya. Makampani akuluakulu a ku America analonjeza molemba kuti vuto likakhala lawo adzapereka chakudya ndi hotela, koma likakhala la nyengo mumadzionera nokha. Apa ndi pamene inshuwalansi ya paulendo imagwira ntchito yake.

Chotsalira, chimene ambiri sachidziwa, ndi pangano la Montreal la 1999, limene Germany ndi America onse anasainira. Ndime 19 imati kampani ilipire zimene munthu wataya chifukwa cha kuchedwa, pokhapokha itasonyeza kuti inachita zonse zoyenera kuti zipeweke. Silipereka ndalama yoikika ngati EU261. Mumalandira zokhazo zimene mwasonyeza ndi malisiti, monga hotela imene munalipiriratu koma simunagonemo, kapena tikiti ya sitima imene yapita pachabe. Malire ake kuyambira pa 28 December 2024 ndi ma SDR 6,303, ndalama yowerengera ya IMF, imene ikupitirira madola 8,000. Kutopa ndi kukwiya salipira. Mlandu wa pangano limeneli uyenera kukalowa kukhoti pasanathe zaka 2.

Pangano lomweli ndi limene limagwira katundu, ndipo masutikesi amatsalira kwambiri pamene ulendo wolumikiza wasokonekera. Malire ndi ma SDR 1,519 munthu mmodzi, pafupifupi madola 2,000. Musachoke pabwalo musanalembetse lipoti lotchedwa PIR pa kauntala ya katundu. Lipotilo palokha si dandaulo. Dandaulo lolemba liyenera kutumizidwa pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku limene sutikesi yakufikani, kapena masiku 7 ngati yafika yowonongeka. Ikapanda kupezeka masiku 21, imatengedwa kuti yatayika.

Podandaula za EU261, zofunika kukhala nazo ndi boarding pass, nambala ya booking ya zilembo 6, chithunzi cha bolodi, mauthenga onse amene kampani inatumiza, ndi chifukwa chimene antchito ananena pa geti, mutalemba nthawi imene ananenera. Chifukwa cha pa geti ndi cha m'kalata ya patatha mwezi nthawi zina zimasiyana. Onetsetsani kuti munafika pa check-in nthawi yake, chifukwa wochedwa yekha salandira kanthu. Lembani pa fomu ya pa webusaiti ya kampani yoyendetsa, mutchule ndime 7 ya Regulation 261/2004 (dzina lenileni la EU261), tsiku, nambala ya ndege, nthawi imene chitseko chinatseguka, ndalama zimene mukufuna, ndi akaunti ya kubanki. Malisiti a chakudya ndi hotela aikeni ngati dandaulo lapadera kuti ziwirizi zisasakanizidwe.

Chenjerani ndi vocha. Makampani amadziwa kuti munthu wotopa amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndiye amafulumira kupereka vocha ya ulendo wina kapena mamailo. Lamulo limati chipukuta misozi chiperekedwe ngati ndalama, ndipo vocha ilowe m'malo pokhapokha inu mutavomera molemba. Vocha imatha ntchito pakapita nthawi ndipo imakumangirirani ku kampani yomweyo. Vocha ya chakudya ya pabwalo ndi ina, imeneyo landirani, siichotsa ufulu uliwonse.

Akakana, kapena pakatha miyezi iwiri osayankha, ku Germany kuli bungwe loyanjanitsa okwera ndi makampani, limene ambiri amalidziwa ndi dzina lakuti söp, ndipo wodandaula salipira kanthu. Ofesi ya boma ya Luftfahrt-Bundesamt imatha kulanga kampani yophwanya lamulo koma siikutengerani ndalama zanu. Nthawi yosumira imasiyana ndi dziko: ku Germany ndi zaka 3 kuwerengera kumapeto kwa chaka cha ulendowo, ku France zaka 5, ku Netherlands zaka 2. Oyambira ulendo ku London ali pansi pa lamulo la UK lofanana nalo, limene limalipira mapaundi 520 pa ulendo wautali. Makampani odandaulira anthu amatenga kotala la ndalamazo kapena kuposa, choncho asiyireni milandu yokhayo imene yakanidwa kale ndipo ikufunika khoti.

Mu June 2025 nduna za zamtengatenga za mayiko a EU zinagwirizana zoti malire a maola 3 akwezedwe kufika pa 4 pa maulendo aafupi ndi 6 pa maulendo aatali, koma aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Ulaya anaumirira pa maola 3. Pa njira ngati ya New York kusiyana kwa 3 ndi 6 n'kwakukulu, choncho musanatumize dandaulo onani pa webusaiti ya EU yotchedwa Your Europe malire amene ankagwira ntchito pa tsiku la ulendo wanu.